Kusoka zovala za msilikali wa Keyala wa 1914: momwe ntchito yayendera

8 Malichi 2025: kusankha chaka

Kalabu ya mbiri yakale pasukulu yathu yagwirizana kuti pa tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala, mnyamata mmodzi adzaime atavala ngati msilikali wa Keyala, King's African Rifles (KAR), wa kuno ku Nyasaland. Ntchito yosonkhanitsa zovalazo yagwera ine. Ndizilemba zonse pano, ndi mitengo yomwe, kuti wina wofuna kuchita zomwezi adzapeze poyambira.

Tayamba ndi kusankha chaka chimodzi. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linakhalapo mpaka maiko a kuno atalandira ufulu m'ma 1960. Pa zaka zonsezo zovala zinasintha kangapo. Msilikali yemwe ambirife timamuona m'maganizo, wa chipewa chotambalala chopinda mbali imodzi ndi majombo, ndi wa nkhondo yachiwiri, uja anapita ku Burma mu 1944. Ife tasankha msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, wa batalioni yoyamba, 1 KAR, wa pa 9 Seputembala 1914, tsiku lomwe Ajeremani atawoloka Songwe anamenyana ndi asilikali athu ku Karonga. Lamulo lomwe tadziikira ndi limodzi: chinthu chilichonse chomwe kunalibe mu 1914 sichilowa, ngakhale chikhale chokongola bwanji.

29 Malichi: zithunzi

Zithunzi ndazifunafuna ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ndi pa intaneti m'nkhokwe ya Imperial War Museum ya ku London. Kusindikiza zomwe ndasankha kwadya K6,000.

Vuto loyamba ndi mawu olembedwa pansi pa zithunzi. Zambiri zimangoti "KAR" basi. Koma 3 KAR inali ya ku Kenya, 4 KAR ya ku Uganda, ndipo magulu amenewa sankavala mofanana ndendende. Chithunzi chopanda dzina la batalioni kapena malo ndachiika pambali. Zambiri zotsalazo n'za 1916 kupita m'tsogolo, nthawi ya General Edward Northey, yemwe ankatsogolera asilikali a mbali ya kuno, pomwe zovala zinali zitasintha kale.

Vuto lachiwiri ndi mtundu. Filimu ya nthawi imeneyo sinkaona bwino zofiira. Chinthu chofiira chinkatuluka chakuda bii, pomwe cha buluu chinkatuluka chowalirapo kuposa momwe chinalili. Ndiye munthu ukaona chisoti chakuda pachithunzi cha 1914, sungalumbire kuti chinali chakuda. Apa pofunika zolembedwa, ndipo zolembedwa zikuti magulu ambiri a KAR ankavala chisoti cha fez chofiira koma a ku Nyasaland ankavala chakuda. Zikutinso nkhondo isanayambe, zovala zopita nazo kutchire zinali juzi ya buluu woderapo, kabudula wa kaki, nsalu za buluu zokulunga m'miyendo zomwe Angerezi ankazitcha puttees, ndi chophimba chisoti cha kaki chokhala ndi kansalu kogwera pakhosi kumbuyo. Nkhondo ili mkati zabuluuzo zinasinthidwa n'kukhala za kaki. Popeza ife tili mwezi wachiwiri wa nkhondo, titsata zabuluu.

Ana ena akhumudwa. Amayembekezera chinthu chooneka chaukali, osati juzi ndi kabudula.

19 Epulo: nsalu ya kabudula

Kaki wodzaza m'masitolo masiku ano ndi uja wa mayunifolomu a sukulu ndi a alonda, wosakaniza ndi polyester. Amanyezimira padzuwa, ndipo akapindika amabwerera yekha. Polyester mu 1914 kunalibe. Chofunika ndi nsalu ya thonje lokhalokha yotchedwa drill, yomwe ukaiyang'anitsitsa ili ndi timizere topendekeka.

Poyesa ndimapempha kachidutswa kakang'ono n'kukayatsa panja. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Yosakaniza imasungunuka n'kusiya kanthu kolimba kakuda m'mphepete. Yabwino ndaipeza ku Limbe, mamita atatu pa K7,500 mita imodzi, zonse K22,500. Ndaichapa m'madzi otentha ndisanapite nayo kwa telala, ndipo yafupika pafupifupi zala zinayi pa mita iliyonse. Ikanasokedwa isanachapidwe, kabudula akanamuthina mwana tsiku loyamba lomwe.

10 Meyi: kabudula wabwerera kwa telala

Kabudula watuluka wosokedwa mwaluso, koma wa masiku ano. Ali ndi zipi kutsogolo, thumba kumbuyo, ndipo ulusi wake ndi wa polyester wonyezimira. Atelala anaona ngati akundithandiza.

"Aphunzitsi, mabatani n'zachikale. Mwanayo adzavutika nazo."

"Bambo, zachikalezo ndi zomwe tikufuna. Tamasulani zipiyo."

Ndawasiyira chithunzi chachikulu chosindikiza kuti chikhale pamakina pomwepo. Amasula zipi n'kuika mabatani, achotsa thumba, asokanso mizere yonse yoonekera kunja ndi ulusi wa thonje. Tafutukulanso miyendo, chifukwa pazithunzi akabudula ake ndi otakasuka, ofika pamwamba pa bondo pang'ono. Kusoka K15,000, kukonzanso pamodzi ndi mabatani K5,000. Telala musamangomufotokozera pakamwa. Dzanja lake linazolowera zomwe anthu amafuna lero, ndipo lidzapita komweko.

7 Juni: juzi

Apa ndiye pandidyera nthawi. Juzi yoyamba ya pakaunjika, ya K8,000, inali ya buluu woyenera ndipo inalibe kapepala konena za ulusi wake. Nditafika nayo kunyumba ndinasolola kaulusi m'kati n'kuyatsa, ndipo kanasungunuka. Inali ya acrylic. Ubweya weniweni wa nkhosa ukapsa umanunkha tsitsi lowauka, ndipo chotsalacho chimafumbutuka ukachifinya ndi zala.

Yachiwiri, ya K12,000, ndi ya ubweya weniweni, yoluka mosapanga maluwa, ya khosi lozungulira lopanda kolala. Koma inali yoyererapo, choncho inafunika kunyika mu utoto. Utoto paketi imodzi K6,500, viniga K2,500. Ubweya umagwira utoto ndi viniga, pomwe thonje limafuna mchere. Izi ndinazitsata, koma juzi inatulukabe yamawangamawanga, pamapewa poderapo, pamimba potuwa. Mphika unali wochepa, juzi inakhala yopindika, ndipo madzi sanafike ponse mofanana.

Kachiwiri ndinabwereka mphika waukulu wophikira pamaliro, ndinagula paketi ina ya K6,500, ndinayamba ndanyowetsa juzi yonse m'madzi ofunda, kenako n'kumatenthetsa pang'onopang'ono. Ubweya sufuna kudzidzimutsidwa. Ukauchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira, kapena ukautakasa mwamphamvu, umagwirana n'kufupika osabwereranso. Ndinkangoitembenuza mofatsa ndi mthiko, ndipo ndinaisiya kuti izizire mumphika momwemo usiku wonse. Yatuluka ya buluu woderapo ponseponse. Poyanika ndaigoneka pamphasa pamthunzi, chifukwa pachingwe ikanatamuka.

Mnyamata wathu ataiyesa masana anati ikuyabwa ndipo ikutentha. Ndinamuuza aganize za Karonga mu Seputembala, m'mphepete mwa nyanja, munthu atavala chimenechi ndi katundu kumsana.

28 Juni: zokulunga m'miyendo

Ma puttees ndi nsalu zazitali pafupifupi mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, mulifupi ngati masentimita 10, zokhala ndi kachingwe ka nsalu kumapeto. Ndadula kuchokera ku bulangete lopyapyala la ubweya la buluu woderapo, la K14,000. Tizingwe K2,000, kupinda m'mphepete K4,000.

Zoyamba zinkamasuka mwana akangoyenda pang'ono. Zifukwa zinali ziwiri. Mpindiro wa m'mphepete unali wokhuthala, ndiye nsalu sinkagona pa inzake. Tinaumasula n'kungodutsitsa ulusi m'mphepete kuti isamayoyoke. Chachiwiri, mwendo wa munthu si wowongoka: pakatumba ndi ponenepa, pakakolo ndi powonda. Nsalu yowongoka imasiya mpata. Kampani ya Fox Brothers ya ku Wellington ku England inatchuka chifukwa chopanga ma puttees okhota kale kuti azitsata mwendo. Ife tanyowetsa athu, tawakulunga pa mwendo wa mwanayo mokoka, kenako tawasita ndi nsalu yonyowa pamwamba, mbali imodzi tikuikoka kuposa inzake. Tsopano akhota pang'ono ndipo akugwira.

Kakulungidwe ka asilikali oyenda pansi n'koyambira pakakolo kukwera m'mwamba, kachingwe n'kumangidwa pansi pa bondo.

19 Julayi: chisoti

Chisoti tachipanga kuchokera ku chipewa chakuda cha felt cha pakaunjika, cha K5,000. Tadula mlomo wake wonse, tachifewetsa pa nthunzi ya ketulo, n'kuchivalika pa chitini chomwe tinachikulunga ndi nsanza mpaka chitafanana ndi mutu wa mwanayo. Chitauma chinasunga maonekedwe.

Chophimba cha kaki tasoka ndi nsalu yotsala ku kabudula, K6,000. Choyamba chinakana kulowa chifukwa atelala anayeza mutu m'malo moyeza chisoti. Chachiwiri chalowa bwino, ndipo kansalu ka kumbuyo kakugwera mpaka pakhosi. Chodabwitsa n'chakuti chisoti chakuda chomwe tinavutikira kufufuza mtundu wake sichikuoneka n'komwe chikaphimbidwa. Mwana wina anafunsa chifukwa chake sitinangoika katoni m'kati. Ndinamuyankha kuti tsiku la mwambolo tidzavula chophimbacho pamaso pa anthu, aone okha chomwe chinkasiyanitsa msilikali wa ku Zomba ndi wa ku Nairobi.

Sitinaikepo baji iliyonse. Pamsika pamapezeka mabaji a mkuwa a magulu osiyanasiyana, ndipo mtima umafuna kumatapo imodzi kuti chisoti chioneke chaudindo. Pazithunzi zomwe ndikutsata, chophimba chilibe kanthu.

16 Ogasiti: zikopa

Munthu wina wakufuna kwabwino watibweretsera lamba wa asilikali wa nsalu yolimba, ndi matumba ake, akuti anali wa malume ake. Ndi chinthu chenicheni ndipo tachilandira ndi manja awiri, koma ndi cha mtundu wa 1937, wa nkhondo yachiwiri. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: lamba wa nsalu wa mtundu wa 1908 ndi wa mainchesi atatu mulifupi, wa 1937 ndi wa mainchesi awiri ndi kota. Tidzamuika patebulo la zoonetsa ndi chikwangwani chake, koma mnyamata wathu sadzamuvala.

Zithunzi za kumayambiriro kwa nkhondo zikuonetsa zikopa. Ndatsata mtundu wa 1903: lamba wa m'chiuno ndi lamba wopingasa pachifuwa wa matumba asanu, thumba lililonse lolowa zipolopolo khumi, zonse 50.

Chikopa choyamba chomwe anandionetsa osoka nsapato chinali chofewa, chofufutidwa ndi mankhwala a chrome. Ukachidula, m'kati mwake mumaoneka motuwa mobiriwira. Chimenechi sichiumbika, thumba lake limangofwafwala. Chofunika ndi chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, cholimba, chofiirira mpaka m'kati. Ndachipeza pa K38,000. Zitsulo za mkuwa zomangira ndi timabatani take K11,000, ndipo zinavuta kupeza chifukwa zambiri pamsika n'zachitsulo chopakidwa golide. Maginito amathetsa mkangano: mkuwa weniweni sugwira.

Kalipentala anatisemera kathabwa ka msinkhu wa zipolopolo khumi za .303, kotalika pafupifupi masentimita 8, pa K2,000. Chikopa timachiviika m'madzi mpaka chitasiya kutulutsa thovu, timachikulunga pakathabwako, timachikhomerera ndi timisomali m'mphepete, n'kuchisiya chiume. Thumba loyamba tinaliyanika padzuwa kuti lifulumire, ndipo linauma gwa n'kung'aluka pakona. Otsalawo aumira m'nyumba, pang'onopang'ono, ndipo ali bwino. Bambo osoka nsapato asoka zonse pamanja ndi ulusi wopaka phula, K30,000. Ndinawapempha kuti asapake polishi wonyezimira, angopaka mafuta pang'ono.

6 Seputembala: mfuti ya mtengo

Mfuti ndi ya mtengo yokhayokha, yosemedwa motsata Lee-Enfield yaifupi, SMLE, yomwe inagwira ntchito kwambiri pa nkhondoyi. Kutalika kwake ndi masentimita 113. Thabwa la mlombwa K15,000, kusema K35,000, penti ndi vanishi K9,000.

Kalipentala poyamba anasiya mpope wautali wotulukira kutsogolo monga zimakhalira mfuti za alenje. SMLE siili choncho. Mtengo wake umafika mpaka kumphuno, ndipo kutsogoloko n'kobuntha. Anadula n'kumatapo chidutswa china. Vanishi woyamba ananyezimira kwambiri, ndiye tinamukwecha ndi sandipepa wosalala n'kupaka mafuta.

Mpeni wa kumfuti sitipanga, pasukulu sipofunika chinthu chosongoka. Ndakauzanso apolisi a m'dera lathu za mfutiyi ndi za tsiku la mwambo, ndipo poyenda nayo timaikulunga m'chiguduli. Ili kutali imaoneka ngati yeniyeni.

27 Seputembala: mapazi

Nkhani ya mapazi yabweretsa mkangano woposa zonse. Asilikali a KAR a 1914 ankayenda opanda nsapato kapena atavala nkhwayira. Akuluakulu achizungu ankati majombo sayenera anthu omwe sanazolowere nsapato. Azungu okhawo ndiwo ankavala majombo.

Makolo ena a m'komiti sanakondwe nazo. Agogo ena, omwe bambo awo anamenya nkhondo ku Burma, anandiitanira pambali.

"Aphunzitsi, bambo anga ine ndinawaona ndi maso angawa. Jombo anali nazo, chipewa anali nacho. Mukufuna kuonetsa anthu kuti msilikali wa Keyala anali wosauka?"

"Agogo, bambo anu munawaona bwino, ndipo zomwe mukunenazo n'zoona. Koma uyu ndi wa zaka makumi atatu m'mbuyo mwawo. Iyeyu jombo sanapatsidwe."

Ndinawaonetsa zithunzi. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akuloza mapazi a munthu mmodzimmodzi pamzere, ma puttees atakulungidwa bwinobwino mpaka pakakolo, pansi pake zala zili pamtunda.

Ine pa nkhaniyi sindisuntha. Tikamuveka jombo mnyamatayu tidzakhala tawapatsa anthu aja chinthu chomwe boma la atsamunda linawamana, ndipo oonerera adzapita kwawo osadziwa kuti anawamana. Anthu amenewa anayenda kuchokera ku Karonga kulowa m'mapiri a German East Africa, komwe lero ndi Tanzania, ena mpaka ku Mozambique, kuthamangitsa mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, yemwe anadzagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Ndipo mu Januwale 1915 asilikali a KAR omwewa anali m'gulu lomwe linatumidwa kukathana ndi anthu a Chilembwe. Zonsezi zili m'zovala zimenezi, ndipo ana ayenera kuzimva.

Tagwirizana kuti poyenda kuchokera kusukulu adzavala nkhwayira za chikopa, K10,000. Osoka nsapato anafuna kuika mphira wa tayala pansi kuti zilimbe, koma tinakana, n'zachikopa chokhachokha. Poima pamwambo adzavula.

18 Okutobala: kuyesa zonse pamodzi

Mnyamata wavala zonse n'kuzungulira bwalo la mpira. Zomwe zatuluka ndi izi. Lamba wopingasa amatsetsereka paphewa chifukwa matumba ndi opanda kanthu, ndiye taikamo timatabwa tokulungidwa ndi nsanza kuti alemere. Juzi ikusuluka pang'ono ndi thukuta ndipo yadetsa m'chiuno mwa kabudula. Taitsukuluzanso m'madzi ozizira a viniga mpaka madzi atayera, ndipo banga la pakabudula talisiya, popeza msilikali wa kutchire sanali woyera ngati wa paperete. Ma puttees agwira bwino.

Mphunzitsi mnzanga anati tibwereke malamba oyera ndi zingwe za pamapewa kwa ovina beni kuti mwanayo aoneke bwino. Beni, malipenga ndi mganda zinatengera zambiri ku maperete a asilikali, ndipo ndi mbiri yathu yofunika payokha. Koma ovina amasankha zovala zokometsera gule, ndipo amasakaniza za zaka zosiyanasiyana. Sitibwerekako kanthu.

Ndalama zonse zomwe zapita mpaka pano ndi K265,000. Pa ndalama imeneyi, yomwe ikanapulumuka ndi ya juzi ya acrylic, paketi yachiwiri ya utoto ndi kukonzanso kabudula, pafupifupi K19,500.

9 Novembala: tsiku la mwambo

Mwambo wathu tachitira pasukulu, ndipo masana tinapita ndi ana kukaona chipilala cha KAR chomwe chili pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba. Mnyamata anaima mphindi ziwiri za chete ali chilili, wopanda nsapato, dzuwa lili pamutu. Pansi panatentha kwambiri moti pambuyo pake tinamuthira madzi kumapazi. Chaka chamawa tidzasankha malo a udzu.

Titavula chophimba chisoti, anthu anayandikira kudzaona chakudacho, ndipo mafunso ambiri anali a juzi ndi mapazi. Agogo aja anabwera ndi chithunzi cha bambo awo, ndipo tinachiika patebulo pafupi ndi lamba wa 1937, pomwe ndi pamalo pake.

Kachingwe ka puttee ya kumanzere kanaduka pobwerera, pofunika kusokanso ndi ulusi wowirikiza. Juzi taichapa, taiyanika pamphasa, ndipo taisunga m'thumba lotseka chifukwa njenjete zimakonda ubweya. Zikopa tazipaka mafuta n'kubwezeramo timatabwa kuti matumba asafwafwale nyengo ya mvula.

Zomwe zikusowabe ndi botolo la madzi, chikwama cha pambali ndi bulangete lokulunga. Ana apemphanso kuti chaka chamawa pambali pa msilikali padzaime wamtengatenga. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 pa nkhondo yoyambayi, yomwe kuno inkatchedwa ya Chiwaya, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ambiri otengedwa mokakamiza, aliyense atasenza katundu wa makilogalamu oposa 20. Ndayamba kale kupatula zithunzi zomwe akuonekamo, ndipo mu Januwale ndibwerera ku National Archives kukafufuza za nsalu zomwe ankavala ndi mabokosi omwe ankasenza.